A Dona Jeni ndi Ng'ona Yovala Chipewa

A Genoveva anachoka ku Feira ali namwali wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, chaka chachiwiri cha ufulu, atakhala pamwamba pa mitolo ya nsomba zouma kumbuyo kwa lole. Anabwerako mu 1988 imvi zitayamba kusuzumira m'mphepete mwa duku, n'kupeza kuti ngakhale boma lenilenilo linasintha dzina, ati ndi Luangwa tsopano. Iwo sanadandaule, poti nawonso anabwera ndi dzina lina. Ku Lusaka kumene analera ana a mzungu zaka makumi awiri ndi ziwiri, lilime la adona awo linkalephera kusenza Genoveva yense, ndiye anangolidula dzinalo n'kutsala Jeni. Anthu a kwa Mphuka, amene salola chinthu kudutsa osachithira mchere, anawonjezapo ulemu wawo. Kuyambira tsiku limene anatsika lole atavala nsapato zoyera za tenesi, anakhala a Dona Jeni.

Tsikulo mudzi wonse unathamangira kumsewu kukaona chuma cha ku Lusaka. Munthu wagwira kwa mzungu zaka zonsezo, anthu ankayembekeza makina osokera, wailesi, mwina ndi njinga yomwe. Anatsitsa sutikesi imodzi ndi makatoni awiri olemera moti amuna amene anawanyamula anachita kubuula, ndipo m'njira monse anali kutsutsana ngati muli mbale zadothi kapena mapoto achitsulo. Atamasula zingwe anapeza mabuku. Osati Mabaibulo kapena mabuku a nyimbo, iyayi, koma timabuku ta ana ta zithunzi, tina tolumidwa m'mphepete, tina tokhwatchidwa ndi choko cha mitundu. Mzungu uja pobwerera kwawo anagulitsa galimoto, anagulitsa firiji, galu anam'pezera malo abwino kwa mnzake. A Jeni, amene anapukuta matako a ana ake onse atatu, anawapatsa zimene ndege inakana kunyamula. Adona awo aja analira kwambiri, anawakumbatira m'khosi n'kuwauza kuti iwo si wantchito koma wachibale. Kenako achibale enieni anakwera ndege, wachibale winayo anakwera lole ya ku Feira.

Musaganize kuti a Genoveva anaona chipongwe pamenepo. Mabukuwo ankawapukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo akawagwira manja awo ankafewa. Sukulu analekeza Sabu B kwa masisitere, Chingerezi chawo chinali cha kukhitchini, koma buku lililonse analimvapo kambirimbiri adona akuwerenga, mpaka linakhazikika m'mutu. Ankayendetsa chala pansi pa zilembo, pakamwa pakutuluka nkhani yonse m'Chinyanja, ndipo ngati chala chafika kumapeto kwa tsamba nkhani isanathe, chinkangobwerera kukayambanso. Palibe amene akanawatsutsa m'mudzimo.

Chimene analibe ndi mwana. Mimba yawo inakana, basi. Kunali khukhi wina dzina lake Inácio amene anakhala nawo zaka zitatu m'kanyumba ka antchito kuseri kwa galaji, koma ataona kuti miyezi ikungodutsa anakapeza nyumba ina ku Matero. Ana atatu a mzungu amene anawabereka kumsana, kuwadyetsa ndi supuni, kuwaimbira akadwala, anatumiza khadi limodzi la Khirisimasi, kwatha. Ndiye pamene anthu ankawaseka mayendedwe ndi kamwedwe ka tiyi, iwo mumtima anali ndi mantha a munthu amene waona kale ukalamba wake: kudzadwala popanda wopereka madzi, kudzafa popanda wolira ndi mtima wonse.

Kwathu kuno bala lotere lili ndi mankhwala ake. Mkazi amene sanabereke amapempha mwana kwa mbale wake, ndipo akam'patsa, mwanayo amasamukira kwa iye, amakulira pakhomo pake, ndiye adzamuike m'manda. A Genoveva anali ndi mng'ono wawo, Alzira, amene anali ndi ana asanu ndi awiri ndi wina m'mimba. Pa onsewo diso lawo linagwa pa Adelina, kamtsikana ka zaka zisanu, kowonda miyendo, kofunsa mafunso mpaka munthu kutuluka thukuta. Anapita kukapempha mwamwambo, atavala chitenje kwa nthawi yoyamba chibwerere, n'kukhala pansi pamphasa ngati munthu.

Alzira akanavomera pomwepo, pakamwa pamodzi pachepe. Amene anavuta ndi mwamuna wake, Yosiya, msodzi wa mawu ochepa ndi mutu wouma. Iye anati sakukana, mwana wa mng'ono ndi mwana wa mkulu, koma mlamu wakeyo analera ana a pa kapeti, ndipo mwana wa pa Zambezi ndi nyama ina. Anali atamva kale kuti a Dona amakamba poyera kuti mwana samenyedwa. Munthu amene sagwira mkwapulo angalere bwanji mwana m'dziko la ng'ona ndi njovu? Anagwirizana kuti Adelina azipita kwa amayi ake aakulu masana, madzulo azibwerera, nyengo yonse yotentha. Mvula yoyamba ikadzagwa adzakhalanso pansi, ndipo Yosiya adzanena ngati mwana asamuke kapena ayi.

Apa mwezi unali Seputembala, ukupita kumapeto. Amene sanakhalepo ku Feira mu Okutobala asamakambe za kutentha. Dzuwa limatuluka litakwiya kale, pofika teni koloko nkhuku zayasamula milomo pansi pa nkhokwe, mbuzi zaleka kulira, ndipo mphepo ikawomba munthu amalakalaka ikanangokhala. Nyengo imeneyi anthu anzeru amagwira ntchito m'mamawa, masana n'kugona pansi pa mtengo ngati ofa. Koma a Genoveva anali ndi dzina lina la nyengoyi. Adona awo ankaitcha sama, ndipo m'mabuku aja sama ndi nthawi yachisangalalo: ana ofiira masaya akuthamanga pamchenga, timabaketi m'manja, amayi awo atakhala pabulangete akumwetulira opanda dontho la thukuta. A Dona Jeni anatsimikiza mtima kuti ana a kwa Mphuka nawonso alawe sama.

Anayala bulangete pansi pa mtengo wa bwemba umene unali pakhomo pawo, naika beseni la madzi ndi kachidutswa ka sopo pambali. Lamulo linali lakuti aliyense wofuna kugwira buku asambe m'manja kaye. Tsiku loyamba kunabwera Adelina yekha. Lachiwiri anabwera ndi anzake anayi, ndipo sabata lisanathe bulangete linachepa, tiana tonse tosayamba sukulu tili phwiii pamenepo, mamina mbwee, maso tong'o. Amayi awo ankaseka a Dona kuchitsime mpaka kugwira nthiti, ati mkazi wamkulu kutha sopo posambitsa manja a ana amene sakupita kukadya. Koma m'mawa uliwonse amayi omwewo ndi amene ankakankha ana awo kuti fulumirani kwa a Dona, iwo n'kupita kudimba manja ali lende. Mlezi waulere sakanidwa, ngakhale akhale wamisala.

Za chilango ndiye anthu anaseka mpaka kalekale. Kwa mzungu, mwana wolakwa ankamuimika pangodya ya chipinda kuti aganize za mlandu wake. A Genoveva atafuna kuchita chimodzimodzi anapeza kuti nyumba imene anawamangira ndi yozungulira, ilibe ngodya n'imodzi yomwe. Ndiye wolakwa ankamuimika kuseri kwa nkhokwe. Kumeneko kunali mthunzi wabwino ndi mtedza wogwa m'ming'alu, moti ana anayamba kutsinana dala kuti atumizidwe kukaganiza. Yosiya atamva zimenezi sanaseke. Anangolavula pansi n'kupitiriza kusoka ukonde wake.

Kenako kunabwera tsiku la pikiniki. A Dona anaona kuti sama wa pakhomo ndi wosakwanira, ana ayenera kukakhala pamchenga monga zilili m'buku. Anakazinga zitumbuwa, anasungunula bwemba m'madzi n'kuthira shuga, nanyamuka ndi gulu lawo dzuwa lili paliwombo, poti kwa azungu pikiniki imadyedwa masana. Iwo anali ndi nsapato zawo za tenesi. Ana anali ndi mapazi amene Mulungu anawapatsa. Atangoponda mchenga wa m'mbali mwa mtsinje kunamveka kulira ngati kwagwa maliro, tiana tikudumpha mwendo uno mwendo uno, ndipo a Dona anachita kutinyamula tiwiritiwiri, wina kumsana wina m'khwapa, kubwerera kumthunzi maulendo asanu ndi umodzi. Zitumbuwa zimene anazisiya pabulangete anadya akhwangwala. Nkhaniyi inafika mpaka ku Boma, ndipo kumsika amayi ogulitsa nsomba ankafunsana ngati sama wa chaka chino wapsa bwino.

Komabe tinene zoona, pansi pa bwemba paja pankachitika zinthu. Ana amene chibadwire sanaonepo pepala lina kupatula lokulungira fodya anayamba kudziwa kuti buku lili ndi kumutu ndi kumiyendo. Ankakangana za sitima ya pamtunda, za nyumba zosanjikana, za chinthu choyera chogwa kumwamba chimene a Dona anati n'chozizira kuposa madzi a mumtsuko. Adelina ndiye ankachita kukhala pamiyendo penipeni, mutu atautsamiritsa pachifuwa cha amayi ake aakulu, kachala kake pamwamba pa chala chawo. Tsiku lina analoza chilembo choyamba cha dzina lake m'buku lina, n'kuchipezanso m'buku lachiwiri popanda womuuza. A Genoveva analowa m'nyumba ati kukatenga madzi, koma anakalira. Anali osangalala kuposa tsiku lina lililonse la moyo wawo, ndipo akulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Pansi pa katoni yachiwiri panali buku la ng'ona. Inali ng'ona yobiriwira ngati tsamba la nthochi, yovala chipewa chofiira, ndipo patsamba loyamba inali kulira misozi ikuluikulu chifukwa ana onse ankaithawa. Kamtsikana kena kolimba mtima kanaipatsa keke, ng'ona inapukuta misozi, n'kukabereka kamtsikanako pamsana kukawolotsa tsidya lina, kumene kunali maluwa ndi zidole. Tsiku limene a Dona anatsegula bukuli, bulangete linatsala lokha. Ana anamwazika, wina anakabisala kuseri kwa nkhokwe, wina analavulira chithunzicho. Anali ana a pa Zambezi, anayamwa mantha amenewo ndi bere.

Munthu wanzeru akanatseka buku pomwepo. A Genoveva nawo anabadwira pamtsinje womwewo, ankadziwa chifukwa chake padooko pamene amayi amatunga madzi pali mpanda wa mitengo wozikidwa m'madzi. Tsiku lililonse ankapatsana moni ndi a Dismas, amene dzanja lawo lamanzere linathera pachigongono chaka chimene anatsika m'bwato kukakokolola ukonde. Koma zaka makumi awiri ndi ziwiri za madzi a pampopi zimaiwalitsa zambiri. Iwo anaona ana akuthawa chithunzi, n'kumva manyazi m'malo mwawo, ati umbuli. Anawaitana mmodzimmodzi, anawanyengerera ndi zitumbuwa, anawagwira tizala n'kutikhudzitsa pamano a ng'onayo kuti aone kuti siluma. Pakutha kwa masiku atatu ana anali ataipatsa dzina, a Chipewa, ndipo buku lina lililonse linatha ntchito. A Dona ananyadira kwambiri kuti achotsa mantha m'mitu ya ana.

Adelina ankafuna a Chipewa m'mawa, a Chipewa masana, ndipo pobwerera kwawo ankachita kuwatsanzika. Tsiku lina buku litatsekedwa anakhala duu, akuyang'ana kumtsinje kumene madzi anali kung'anima pakati pa mabango.

"Amayi aakulu, kodi a Chipewa amakhala mu Zambezi muno?"

Yankho linalipo, lalifupi, limene mayi aliyense wa kwa Mphuka akanapereka ndi khofi pamwamba. Koma a Genoveva anakumbukira adona awo, amene ankati mwana akafunsa za zinthu za m'mabuku usamuphere maloto ake. Anamwetulira monga ankamwetulira adona, namusisita mwanayo kumutu.

"Mwina, mwanangu. Ndani adziwa?"

Panapita masiku anayi. Linali Lachisanu loyamba la Novembala, mitambo ikusonkhana kum'mawa n'kubalalikanso osagwetsa kanthu, kutentha kwake kochita kukanikiza munthu pachifuwa. Ana atadya anagona pabulangete, ndipo a Dona nawo tulo tinawaba atatsamira mtengo. Podzidzimuka anawerenga mitu monga mwa chizolowezi chawo, napeza umodzi palibe. M'mbale munali mutatsala zitumbuwa ziwiri, tsopano munali chimodzi. Kamnyamata kena kamene kanali maso kanayankha mosadandaula konse kuti Adelina wapita kukapatsa a Chipewa keke.

Anthu amene anawaona akuthamanga amakambabe mpaka lero. Nsapato za tenesi zinatsala pansi pa bwemba, duku linatsala pa minga ya msawu, ndipo mchenga uja umene unaliza ana anauponda osaumva. Padooko panalibe munthu, nthawi imeneyo palibe amene amatunga madzi. M'kati mwa mpanda munalibe mwana. Anamuona cha kumunsi, kunja kwa mpanda, pamene mabango amayambira. Adelina anali ataima m'madzi ofika m'mawondo, dzanja atalitambasula, chitumbuwa chili m'manja, akuitana ndi mawu aulemu ngati akuodira pakhomo pa munthu. Patsogolo pake, mtunda wosakwana mabwato awiri, panali chinthu chakuda pamwamba pa madzi. Chikuni chimatsata madzi kumene akupita, koma ichi chinali kubwera chodula mtsinje.

A Genoveva anatsika gombe. Analowa m'madzi, anagwira mwana pamkono n'kumuzula ngati chinangwa, nathamanga naye chokwera mtunda. Kumbuyo kwawo madzi anachita phwaa, ndipo atacheuka anangoona mchira ukumira ndi chitumbuwa chikuyandama. Anafika pamwamba pa gombe, anamuimika mwanayo pansi, anamuyang'ana miyendo yonse iwiri ndi manja onse awiri. Zonse zinalipo. Pamenepo ndi pamene china chake chinaduka m'kati mwawo.

Anathyola nthambi ya mtengo umene unali pafupi, osayang'ana ngati ili ndi minga, n'kuyamba kumukwapula. Mkazi amene zaka makumi awiri ndi ziwiri sanatsinepo mwana anakwapula m'miyendo, kumsana, m'manja amene mwanayo ankatchinga nawo, akutukwana m'Chikunda chakale chimene anthu ankayesa kuti anachisiya ku Lusaka. Nthambi itathyoka anathyola ina. Kulira kwa Adelina kunadzutsa amayi a m'madimba, kunadzutsa asodzi pansi pa mabwato awo, ndipo posakhalitsa gombe linadzaza. Alzira anafika ndi mimba yake akupuma wefuwefu, anaona mapazi aang'ono olowera m'madzi kunja kwa mpanda, namvetsa zonse, ndipo sanaletse. Yosiya anaima chapatali manja atapinda. Amene anawalanda nthambi pomaliza ndi a Dismas, ndi dzanja lawo limodzi lomwelo, n'kunena kuti zakwana, mwana wamva.

A Genoveva anabwerera kwawo okha, mapazi atatuluka matuza. Mawa lake pansi pa bwemba panalibe bulangete, ndipo ana amene anabwera anawabweza. Anakhala m'nyumba masiku atatu. Ankadziwa kuti zatha. Anagona pa ntchito, mwana anatsala pang'ono kudyedwa, ndipo pamwamba pake anamumenya ngati wakuba pamaso pa mudzi wonse. Choposa zonse ankadziwa chimene ena sankadziwa, kuti mwanayo sanapite kumtsinje chifukwa cha kupusa kwake. Anatumidwa ndi buku, ndi chala chimene chinam'khudzitsa mano a ng'ona, ndi liwu limodzi lija limene iwo anayankha akumwetulira. Ankadzida, ndipo ankada adona awo kwa nthawi yoyamba, mkazi amene kwawo ng'ona amaziona m'mabuku mokha.

Mvula inagwa Lachiwiri m'mawa, yamphamvu, yonunkhiritsa dothi. Itangokata, anamva odi pakhomo. Anali Yosiya patsogolo, Alzira pambuyo, ndipo pakati pawo Adelina atasenza kamtolo ka zovala komangidwa m'chitenje. M'miyendo mwake mizere ya mkwapulo inali isanapole. A Genoveva anayala mphasa pakhonde, nakhala pansi mutu uli chowerama kudikira chiweruzo.

Yosiya, amene nyengo yonse yotentha sanakambepo nawo mawu opitirira moni, tsiku limenelo anamasuka. Anati iye anali ndi nkhawa yaikulu, ankaona zosambitsa m'manja ndi zoimika ana kunkhokwe n'kumati mwana wanga akapita uko akakhala chitsiru. Anati mabuku alibe nawo mlandu, ndi zoseweretsa chabe, mwana angaphunziremo chiyani choipa kapena chabwino? Koma Lachisanu lija anaona ndi maso ake.

"Alamu, tinali kuyesa kuti mulibe dzanja. Manje taona. Mlezi wolipidwa sakwapula choncho, uja ndi mkwapulo wa mayi. Mwana ndi uyu, ndi wanu."

Alzira anavomereza ndi mutu, akupukuta misozi, nati ngakhale iye amene anam'bereka sakanafika pamenepo. Anawonjeza kuti kuchitsime amayi onse asintha kakambidwe, ati kani a Dona ndi munthu ngati ife. Ha! Zaka zonse zofatsa zija, sopo yense uja, nyimbo ndi zithunzi, sizinawagulire kanthu. Nthambi ziwiri zathengo zinawapatsa mwana ndi ulemu tsiku limodzi.

Panatsala chinthu chimodzi chimene chinkamuvutabe Yosiya. Anatembenukira kwa mwana wake n'kunena kuti masiku onsewa wakhala akumufunsa osayankha, tsopano ayankhe pamaso pa amayi ake atsopano: chinam'tengera kunja kwa mpanda n'chiyani, mwana wobadwira pamtsinje, wodziwa a Dismas?

A Genoveva ankalidziwa yankho lake. Akanatha kuyankha iwo. Mawu anali okonzeka, anafika mpaka pammero: ndine, alamu, ndinamuuza kuti mwina. Anadziwanso kuti akangowatulutsa, kamtolo kaja kabwerera njira imene kadzera, ndipo sikadzabweranso. Anatsegula pakamwa, anayang'ana kamtoloko, natsekanso. Mkhristu wa Misa ya Lamlungu lililonse anakhala chete, kusiya mwana wa zaka zisanu kuti asenze yekha.

Adelina anakweza maso. Sanayang'ane atate ake, anayang'ana amayi ake aakulu, nthawi yaitali, kenako anayang'ananso pansi.

"Sindidziwa, atate."

Yosiya anaseka, ati ndiwo ana amenewo, mitu yawo ndi madzi okhaokha. Anaimirira, anasasa fumbi kumbuyo kwa kabudula, n'kulangiza mlamu wake kuti apitirize momwemo, kungoti azipewa kumutu. Alzira anauza mwana kuti akhale bwino, azimvera, kwawo si kutali. Anatsanzika n'kutuluka pa mpanda, ndipo a Genoveva ankamumva Yosiya m'njira akuuza munthu wina mokweza kuti mwana wamusiya m'manja abwino.

Anatsala awiri pabwalo lonyowa. Adelina anali chiimire pamene anamusiya, kamtolo kali pamutu, osalira, osayang'ana uku kapena uku. A Genoveva anali ndi mwana wawo tsopano, wopatsidwa mwamwambo, woti adzawapatse madzi akadzadwala. Anaimirira, anamuyandikira, natambasula dzanja kuti amutule katundu. Mwanayo anataya kamtolo, anabisa nkhope m'mikono yonse iwiri, n'kunjuta pansi kudikira.

Chitenje chinamasuka, tizovala tinamwazika m'matope. A Genoveva anakhala kanthawi dzanja lili m'mwamba. Kenako anagwada m'matope momwemo, n'kuyamba kutola tizovalato kamodzikamodzi.